Kutola ndi kukonzanso zinthu zimene ena ataya

Lipoti limene Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inatulutsa m'chaka cha 2018 linasonyeza kuti anthu padziko lapansi amataya zinyalala zokwana matani 2 biliyoni pachaka, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika matani 3.4 biliyoni pofika 2050. M'mulu umenewo muli zambiri zimene sizinathe ntchito: mpando wothyoka mwendo umodzi, wayilesi imene waya wake waduka m'kati, chitseko chimene mwini nyumba wangotopa nacho. Munthu wa luso la manja angapezemo matabwa ouma bwino, zitsulo zolimba ndi zipangizo zina zimene akanawonongera ndalama. Vuto n'lakuti chinthu chotayidwa sichinena kumene chachokera. Kukhoma ndi kucheka munthu amaphunzira msanga, koma chimene chimatenga nthawi ndi kudziwa mbiri ya chinthu musanachinyamule: chinkagwira ntchito yanji, munali chiyani m'kati mwake, ndipo mwini wake anachitayiranji.

Yambani ndi chimene mukusowa

Musanatuluke pakhomo, dziwani chimene mukufuna kupanga kapena kukonza, ndipo lembani miyeso yake papepala. Ngati mukufuna shelefu, yezani khoma. Ngati mukufuna chitseko cha khola, yezani mulifupi ndi mulitali mwa khomolo, kenako muziyenda ndi pepalalo pamodzi ndi tepi yoyezera. Anthu ambiri amene amayamba ntchito imeneyi opanda cholinga amatola chilichonse chooneka chabwino, ndipo pakatha miyezi ingapo dzala limene linali kwa ena limakhala litasamukira kuseri kwa nyumba yawo. Chinthu chimene mulibe nacho ntchito ndiponso mulibe pochisunga chisiyeni pomwepo, ngakhale chikhale chokongola bwanji. Zimene mungatole nthawi iliyonse ndi tizinthu ting'onoting'ono tosadya malo, monga mabawuti, manati, mahinje, zogwirira za madilowa ndi timawilo ta mipando, chifukwa timeneti ndi timene timasowa ntchito ili m'kati.

Pezani kumene zinthu zimachokera, ndipo pemphani

Katundu wabwino amapezeka asanafike kudzala. Thabwa likangosakanikirana ndi zowola, madzi a mvula ndi magalasi osweka, theka la ubwino wake limakhala litapita. Choncho fufuzani malo amene zinthu zimatayidwa zili zoyera: pamene akumanga kapena kugumula nyumba, kwa akalipentala ndi owotcherera zitsulo amene amakhala ndi zidutswa tsiku lililonse, kwa okonza magalimoto, m'masitolo akuluakulu olandira katundu pa mapaleti (matabwa okhomedwa pamodzi osanjikapo katundu ponyamula), m'maofesi amene akusintha mipando, komanso kwa anthu amene akusamuka. Funsani mwini malo kapena woyang'anira, muuzeni chimene mukufuna, ndipo mugwirizane tsiku lodzatenga. Ambiri amavomera, chifukwa kutaya zinyalala nakonso kumawadyera ndalama ndi nthawi. Ubwino wina wa kupempha ndi wakuti mumapeza munthu wodziwa mbiri ya chinthucho, ndipo angakuuzeni kuti mgolo uwu munali mafuta ophikira koma uwo munali mankhwala.

Musaganize kuti chilichonse chimene chili panja chilibe mwini. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany, m'chaka cha 2020, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagwirizana ndi chigamulo chopeza ophunzira awiri olakwa chifukwa chotenga zinthu m'bini yokhoma ya sitolo ina, ngakhale kuti zinthuzo zinali zotayidwa kale. Mapaleti opakidwa penti wa mtundu umodzi, monga abuluu a kampani ya CHEP, amakhala obwereketsa ndipo amakhalabe a kampaniyo ngakhale muwapeze ali okhaokha. Mawaya a magetsi ndi a mafoni, zivundikiro za ngalande za m'misewu, zitsulo za njanji ndi zikwangwani za pamsewu si zotola, ndipo wina akakugulitsani zinthu zotere dziwani kuti mwina ndi zakuba. Kuba zitsulo kunakula kwambiri ku England ndi ku Wales moti lamulo la 2013 limafuna kuti ogula zitsulo zakale akhale ndi chiphaso, aziona chitupa cha wogulitsa, ndipo asamalipire ndalama pamanja.

Ngati mwaganiza zopita kudzala lalikulu la mzinda, kumbukirani kuti kumeneko kuli anthu amene amadyera ntchito yomweyo ndipo ali ndi dongosolo lawo. Nthawi zambiri n'kwanzeru kuwauza chimene mukufuna n'kugula kwa iwo, chifukwa amadziwa tsiku ndi galimoto imene imabweretsa zinthu zoterozo. Musakwere kapena kukumba m'munsi mwa mulu wautali wa zinyalala, makamaka nthawi ya mvula. M'mwezi wa March 2017 mulu wa dzala la Koshe ku Addis Ababa unagumuka n'kupha anthu opitirira 100.

Dzitetezeni

Valani magolovesi achikopa kapena ena okhuthala, nsapato zotseka za pansi polimba, ndi zovala zofika m'manja ndi m'miyendo. Pocheka, pogogoda kapena popala, onjezerani magalasi oteteza maso ndi chotchinga kumphuno. Musapise dzanja m'thumba kapena m'bini imene simukuona m'kati mwake. Gwiritsani ntchito ndodo kapena waya wopinda kumapeto. Onetsetsani kuti munalandira katemera wa kafumbata, amene akuluakulu amalangizidwa kubwereza pakatha zaka 10 zilizonse, ndipo msomali kapena singano ikakubayani tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Zida zoyenda nazo n'zochepa: hamala, pulayazi, sikuludilaiva, sipanala, mpeni, tochi, chingwe chomangira, ndi maginito ang'ono, amene mungachotse m'sipika yakale.

Zimene muyenera kusiya

Gawo ili ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa zinthu zina zowoneka zothandiza kwambiri ndi zomwe zimapha.

M'mwezi wa September 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awiri analowa m'chipatala chimene chinasiyidwa n'kuchotsa chitsulo cholemera m'makina ochizira khansa, poganiza kuti akachigulitsa kwa ogula zitsulo. Atachiboola anapeza ufa wowala mobiriwira ngati thambo mumdima, ndipo mwini malo ogulira zitsulo amene anagula chitsulocho anaugawira abale ndi anzake ngati chinthu chodabwitsa. Ufawo unali caesium-137, poizoni wotulutsa mphamvu ya nyukiliya imene imawononga thupi. Anthu anayi anamwalira, kuphatikizapo mwana wa zaka 6, anthu pafupifupi 250 anapezeka ndi poizoniyo, opitirira 100,000 anayezedwa, ndipo nyumba zingapo zinagumulidwa. Ngozi yofanana ndi imeneyi inachitikanso ku Thailand m'chaka cha 2000 ndi ku Delhi m'chaka cha 2010. Choncho mukapeza chitsulo chotsekedwa mbali zonse, cholemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, makamaka chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu ozungulira kadontho, musachikhudze kapena kuchitsegula. Talikirani ndi kudziwitsa apolisi. Chilichonse chochokera kuchipatala kapena kumalo oyezera zinthu, kaya ndi masingano, mabotolo a mankhwala, nsalu kapena makina, si chotola.

Zigubu ndi migolo ndi zimene zimakopa anthu ambiri, chifukwa aliyense amafuna mosungira madzi. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo kapena udzu sichiyera, ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa mankhwalawo amalowerera m'pulasitiki n'kumatuluka pang'onopang'ono. Malangizo a mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi ulimi (FAO) ndi za umoyo (WHO) ndi akuti zigubu zotere zitsukidwe katatu, zibooledwe kuti wina asazigwiritsenso ntchito, ndipo zisasungiremo madzi kapena chakudya cha anthu ngakhale cha ziweto. Chigubu chopanda chizindikiro chilichonse, chimene palibe amene angakuuzeni kuti munali chiyani, chiwerengeni m'gulu lomwelo.

Mgolo wachitsulo umene munali petulo, thina kapena mafuta ena oyaka ndi woopsa kwambiri ukakhala wopanda kanthu kusiyana ndi pamene uli wodzaza. Madontho ochepa otsalira m'makona amasanduka mpweya umene umasakanikirana ndi mpweya wa m'mgolomo, ndipo kathethe kamodzi ka gulaindala kapena ka moto wowotcherera n'kokwanira kuuphulitsa. Anthu odziwa ntchito afa motere, ena atautsuka kale mgolowo. Masilinda a gasi, zitini zopopera ndi matanki a mafuta a galimoto nawonso musawacheke kapena kuwaika pamoto.

Malata akale a simenti otuwa, mapaipi ena akale a simenti ndi zotchingira kutentha za m'nyumba zakale zingakhale ndi asibesitosi. Tiulusi take tikauluka n'kulowa m'mapapo timayambitsa khansa imene imaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo timauluka pamene munthu akuboola, kucheka kapena kuswa. Kumene akugumula nyumba yakale, zinthu zoterezi zilambalaleni.

Pali gulu linanso la zinthu zimene ntchito yake ndi kuteteza moyo: zipewa za njinga zamoto, mipando ya ana ya m'galimoto, malamba ndi zingwe zokwerera m'mwamba, ndi zipangizo za mabuleki. Chipewa chimene chinamenyedwapo pangozi chingaoneke chabwinobwino kunja pamene m'kati chinaphwanyika kale, ndipo palibe njira yoti muchiyesere kunyumba. Matiresi ndi mipando ya thonje yotayidwa nayonso, m'kuona kwanga, siyenera mavuto amene imabweretsa, chifukwa nsikidzi zikalowa m'nyumba zimavuta kuzithetsa. Ngati mafelemu a mpandowo ndi abwino, ng'ambani nsalu ndi thonje lonse pamalo pomwepo n'kutenga mtengo wokhawokha.

Yesani chinthu musanachinyamule

Chinthu chikapambana mafunso a mbiri yake, chiyeseni ndi manja. Thabwa libayeni ndi nsonga ya sikuludilaiva, makamaka kumapeto ndi pamene linakhudza pansi. Ikalowa mosavuta ndiye kuti lawola. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa tikusonyeza kuti tizilombo tofumbwa mitengo tidakali m'kati, ndipo timizere ta dothi ndi chizindikiro cha chiswe. Chitsulo chigogodeni ndi hamala: dzimbiri la pamwamba si vuto, koma chikamasendeka zikhungwazikhungwa kapena kubooka, mphamvu yake yatha. Pulasitiki mupindeni pang'ono. Amene wakhalitsa padzuwa amatuwa, amasiya ufa m'manja ndipo amathyoka m'malo mopindika. Nunkhizani chapatali, osaika mphuno pakamwa pa chigubu. Kenako dzifunseni ngati chowonongekacho ndi chinthu chimodzi chimene mungachikonze ndi zida zimene muli nazo. Mpando wogwedera m'malumikiziro umangofuna guluu, pamene kabati ya matabwa opanikiza utuchi imene yafufuma ndi madzi sibwereranso.

Chisungeni panja, kenako muchitsuke

Chimene mwatola chisalowe m'nyumba tsiku lomwelo. Chiikeni panja pamalo ouma kwa masiku angapo, chotalikirana ndi khoma ndi matabwa anu ena, kuti mphemvu, nsikidzi kapena chiswe zionekere. Yambani ndi kuchotsa litsiro ndi burashi, sopo ndi madzi, chifukwa mankhwala opha majeremusi sagwira bwino ntchito pa chinthu chamatope. Mukatero pukutani ndi madzi othira mankhwala a klorini motsatira muyeso wolembedwa pabotolo, dikirani mphindi zingapo, tsukuluzani n'kuyanika. Musasakanize klorini ndi viniga, ndi mankhwala otsukira chimbudzi, kapena ndi alionse okhala ndi amoniya, chifukwa kusakaniza kumeneku kumatulutsa mpweya wowononga mapapo. Nsalu zichapeni m'madzi otentha madigiri 60, kutentha kumene kumapha nsikidzi ndi mazira ake, ndipo muzisite zikauma.

Matabwa

Matabwa ambiri otola masiku ano amachokera ku mapaleti, ndipo mwamwayi mapaleti odutsa malire a mayiko amakhala ndi chidindo chonena mbiri yawo. Kuyambira 2002 pali lamulo la mayiko onse lotchedwa ISPM 15, lofuna kuti matabwa onyamulira katundu aphedwe tizilombo asanatumizidwe kunja. Fufuzani chidindocho m'mbali mwa paleti. Chimakhala ndi zilembo za IPPC, zilembo ziwiri za dziko, nambala, kenako zilembo zosonyeza njira imene anagwiritsa ntchito. HT akutanthauza kuti thabwalo linatenthedwa mpaka m'kati mwake mutafika madigiri 56 kwa mphindi 30, popanda mankhwala, ndipo awa ndi amene muyenera kufuna. MB akutanthauza kuti linafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide, ndipo ameneyo msiyeni. Komabe chidindo chimangonena za tsiku limene paletilo linapangidwa, osati zimene linanyamula pambuyo pake, choncho lililonse lokhala ndi madontho a mafuta, ufa wachilendo kapena fungo la mankhwala likaneni ngakhale lili ndi HT.

Kuphwasula paleti kumafuna kudekha. Misomali yake imakhala yopotana kapena ya timizere, yokhomedwa ndi makina kuti isazuke, ndipo mukalowetsa chitsulo chozulira n'kukanikiza mwamphamvu, thabwa limang'ambika kumapeto msomali uli chikhalire. Njira yosavuta ndi kucheka matabwa apamwamba ndi sowo motsatira m'kati mwa mitanda iwiri ya m'mphepete. Mumataya masentimita ochepa mbali iliyonse, koma thabwa lililonse limatsala logwidwa pamtanda wapakati pokha, ndipo mukaligwedeza uku ndi uku limamasuka. Ngati mukufuna utali wonse, gonekani paletilo chafufumimba, ikani chipika pansi pa mtanda kuti thabwa likhale m'malere, sanjikani kachidutswa ka mtengo pathabwalo pafupi ndi misomali, ndipo menyani kachidutswako ndi hamala mpaka pataoneka mpata. Mumpatamo mungalowetse sowo ya zitsulo n'kudula misomaliyo, kenako mitu yotsalira muitulutse poigogoda kuchokera kumbuyo ndi msomali wina wosathwa. Musanapale thabwa lililonse, yendetsani maginito pamwamba pake ponse, chifukwa kachidutswa ka msomali kobisika kamagumula mpeni wa puleni nthawi yomweyo.

Matabwa mwaphwasulawo asanjeni pamthunzi, pamalo okwera, mutaika timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo idutse, ndipo muwasiye milungu ingapo. Thabwa lokhomedwa lili lonyowa limafupika likamauma n'kusiya mipata. Pokhoma pafupi ndi kumapeto, yambani mwaboola kabowo kakang'ono kuti lisang'ambike. Mabowo a misomali yakale mungawatseke ndi utuchi wosakaniza ndi guluu.

Mitundu iwiri ya matabwa imafuna kusamala kwina. Mitengo yobiriwira pang'ono, monga mapolo a mipanda ndi ena okhala panja, nthawi zambiri inamwetsedwa mankhwala a CCA, amene muli poizoni wa arsenic, ndipo mitanda ya njanji ndi mapolo akuda onunkha phula anamwetsedwa creosote. Imeneyi ingagwirenso ntchito panja, koma isakhale nkhuni, isakhale thabwa lodulirapo chakudya kapena chodyeramo ziweto, ndipo phulusa lake lisapite kumunda. Mtundu wachiwiri ndi zitseko ndi mawindo okhala ndi penti wakale, amene angakhale ndi mtovu. Dziko la United States linaletsa penti wa mtovu m'nyumba m'chaka cha 1978, koma mayiko ambiri anachedwa kwambiri ndipo ena alibe lamulo lotere mpaka pano. Bungwe la WHO limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana aang'ono ndi amene ubongo wawo umawonongeka kwambiri. Penti wotere musamukwetche ndi sandipepa ali wouma kapena kumuwotcha. Munyowetseni, palani wosendeka yekhayo pamwamba pa pepala loti mukulunge n'kutaya, pakani penti watsopano pamwamba, ndipo thabwalo lisapangire bedi, tebulo kapena zoseweretsa za mwana.

Zitsulo

Maginito ndi amene amayamba kusiyanitsa. Chitsulo wamba chimagwidwa ndi maginito, pamene aluminiyamu, kopa, bulasi ndi mtovu sizigwidwa, ndiponso mitundu yambiri ya chitsulo chosachita dzimbiri sigwidwa. Chosagwidwacho chikandeni ndi tupa kuti muone mtundu wake weniweni: kopa amafiira, bulasi amaoneka wachikasu, aluminiyamu ndi woyera ndi wopepuka, ndipo mtovu ndi wotuwa, wolemera ndi wofewa moti msomali umaulemba mosavuta. Sungani mitundu imeneyi payokhapayokha, chifukwa ogula zitsulo amalipira mulu wosakaniza pamtengo wa chitsulo chotsika kwambiri mumuluwo. Aluminiyamu sasowa msika, popeza kumusungunulanso kumadya pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a mphamvu zofunika popanga watsopano kuchokera ku miyala.

Zida zadzimbiri monga masipanala, mahinje ndi mabawuti ziviikeni mu viniga usiku umodzi kapena tsiku lathunthu, zikwecheni ndi burashi ya waya, zitsukuluzeni m'madzi a soda kuti asidi asapitirize kudya chitsulo, ndipo ziumitseni n'kuzipaka mafuta nthawi yomweyo, chifukwa chitsulo chongotsukidwa chimayambanso dzimbiri tsiku lomwelo. Bawuti yokana kumasuka ithireni mafuta, igogodeni pang'ono pamutu n'kudikira mpaka mawa, m'malo moikakamiza mpaka kuidula. Mapaipi ndi malata okutidwa ndi zinki amatulutsa utsi woyera wodwalitsa akamawotcheredwa, choncho palani zinkiyo pamalo olumikiza ndipo gwirani ntchito panja. Pa chifukwa chomwecho, mashelefu a waya a m'firiji ndi zitsulo zina zokutidwa zisakhale zowotcherapo chakudya.

Waya wa kopa musamuwotche kuti muchotse chikopa chake. Chikopacho nthawi zambiri chimakhala cha pulasitiki wa PVC, ndipo utsi wake uli ndi asidi ndi poizoni wa dioxin amene amatsalira m'nthaka ndi m'thupi kwa zaka zambiri. Mangani waya pamtengo, yendetsani mpeni motsatira utali wake mpeniwo ukuloza kutali ndi inu, kenako sololani chikopacho. Kopa wosenda amagulidwanso bwino kuposa wakuda ndi moto.

Pulasitiki, magalasi ndi matayala

Pansi pa zinthu zambiri za pulasitiki pamakhala nambala yoyambira 1 mpaka 7 m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu, dongosolo limene linayamba mu 1988. Nambala 1 ndi ya mabotolo oonekera a zakumwa, amene amakwinyika akathiridwa madzi otentha. Nambala 2 ndi 5 ndi za zigubu, ndowa ndi zotengera zolimba, ndipo ndi zimene zimapirira kugwiritsidwanso ntchito. Nambala 3 ndi PVC, ndipo 6 ndi pulasitiki wosweka msanga amene sagwirizana ndi kutentha. Nambalayo imangokuuzani mtundu wa pulasitiki, osati zimene zinasungidwamo. Botolo lodula pakati limakhala fanulo kapena mofesera mbewu mukaboola pansi, ndipo chigubu chodula mopingasa chogwirira chake chili pomwepo chimakhala chowolera. Mu 2002 makaniko wina wa ku Brazil, Alfredo Moser, anasonyeza kuti botolo loonekera lodzaza madzi ndi klorini pang'ono, loikidwa m'bowo la denga n'kumatidwa bwino m'mbali, limamwaza kuwala kwa dzuwa m'chipinda chamdima masana.

Mabotolo a galasi okhala ndi pakamwa pabwinobwino ndi abwino kusungiramo zinthu mukawawiritsa mphindi 10, koma lililonse lobenthuka pakamwa litayeni. Matayala amakhala mipando, masitepe a pamalo otsetsereka ndi mobzalamo maluwa. Khoma la m'mbali mwa tayala limadulika ndi mpeni wakuthwa wonyowetsedwa ndi madzi a sopo, koma gawo lopondera pansi ndi mkombero wogwira limu zili ndi mawaya achitsulo. Tayala lililonse lokhala panja libooleni mabowo akuluakulu pansi, chifukwa madzi okhala m'kati mwake ndi malo oswanirana udzudzu. Malonda a matayala akale ndi amene anafalitsa udzudzu wa Aedes albopictus, wofalitsa matenda a dengue, kuchokera ku Asia kupita kumayiko ena, ndipo unapezeka utakhazikika ku Texas mu 1985.

Zipangizo zamagetsi

Malinga ndi lipoti la mabungwe a United Nations la 2024, dziko lapansi linataya zipangizo zamagetsi zokwana matani 62 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Zambiri zimatayidwa chifukwa cha vuto laling'ono, ndipo n'chifukwa chake misonkhano yothandizana kukonza zinthu zowonongeka yotchedwa Repair Café, imene Martine Postma anayambitsa ku Amsterdam mu 2009, inafalikira m'mayiko ambiri. Musalumikize chipangizo chotola kumagetsi musanachiyendere. Onani waya wake wonse, pulagi, fungo la kupsa ndi zizindikiro za madzi, ndipo ngati chinanyowa chisiyeni chiume masiku angapo chili chotsegula. Ndi mita yoyezera magetsi yesani waya, fyuzi ndi switchi, chifukwa pamenepa ndi pamene vuto limakonda kukhala. Fyuzi yopsa isinthidwe ndi ina ya nambala yomweyo, osati ndi kawaya. Nthawi yoyamba kuyatsa, chitireni pamalo ouma, osagwira mbali zachitsulo, ndipo musachisiye chokha.

Zipangizo zina musatsegule ngati simunaphunzire ntchitoyo. M'makina otenthetsera chakudya a mayikulowevu muli kapasita (chipangizo chosunga magetsi) yogwira ntchito ndi mavolti pafupifupi 2,000, imene ingasunge mphamvu yakupha ngakhale pulagi itazulidwa. Mawayilesi akanema akale a chimimba nawonso amasunga magetsi, ndipo galasi lake lili ndi mtovu. Mababu aatali a chubu ali ndi mekyule, choncho asasweke. Mapaipi a kuseri kwa firiji musawaboole, chifukwa gasi wa mafiriji akale amawononga mlengalenga ndipo wa ambiri atsopano amayaka moto. Ngati firiji yakufa mukufuna kuisandutsa kabati, chotsani loko aliyense kapena chitseko chimene mwana angadzitsekere nacho m'kati. Batire la foni kapena la laputopu lotupa, lobooka kapena lotentha lokha likhoza kuyaka nthawi iliyonse, ndipo liyenera kuikidwa panja m'chitini cha mchenga kufikira mutalipereka kwa osonkhanitsa mabatire. Batire la galimoto liperekeni kwa ogula lili lathunthu, osalitsanula kapena kuliswa. Mukapeza foni kapena kompyuta imene muli zithunzi ndi makalata a mwini wake, fufutani zonse musanaigwiritse ntchito, ndipo ngati ikuoneka yotayika osati yotayidwa, ibwezeni.

Kusunga, kuyesa ndi kutaya zotsala

Zimene mwasunga zisanjeni mwa mitundu, pamalo okwera ndi ofolera, kutali ndi moto, chifukwa mulu wongounjika pansi umaitana makoswe ndi njoka. Lembani ndi choko tsiku limene chinthu chafika, ndipo chimene chatha chaka osachigwira chipatseni wina kapena chigulitseni. Chimene mwapanga chiyeseni musanachipereke kwa anthu: benchi isenzetseni matumba a mchenga olemera kuposa anthu amene adzakhalepo, shelefu iikeni katundu wopitirira amene idzanyamule n'kuisiya usiku wonse, ndipo yendetsani dzanja lovala golovesi m'mphepete monse kufunafuna nsonga za misomali. Pogulitsa, muuzeni wogula kumene zipangizo zinachokera, makamaka ngati ndi chinthu chamagetsi kapena chosungiramo madzi.

Zotsala musaziwotche. Zitsulo zipite kwa ogula zitsulo, mabatire, mababu ndi zitini za penti zipite kumalo amene akuluakulu a dera lanu anakhazikitsa kaamba ka zinyalala zoopsa, ndipo zidutswa za matabwa osapakidwa kanthu zokha ndi zimene zingakhale nkhuni. Misomali yopindika ndi zidutswa za malata zisonkhanitseni m'chitini n'kuphwanya pakamwa pake kuti zisatayike. Magalasi osweka akulungeni m'katoni yokhuthala, mangani ndi chingwe ndi kulemba pamwamba kuti muli magalasi, popeza thumba limene mwataya lidzatsegulidwa ndi munthu wina amene akufunafuna zotola.